Akabaza a ku Chileka ndi Lirangwe apatsidwe mpata wopulumutsa miyoyo

Aliyense amene amayenda pa msewu wa M1 kuchokera mu mzinda wa Blantyre kulowera ku Zalewa akudziwa kuti pa Lunzu, pa Lirangwe kaya pa Mdeka sungatsike minibasi osazunguliridwa ndi anyamata a njinga zamoto. N'chimodzimodzinso pa Kameza ndi pa msika wa Chileka. Akabaza ali paliponse, usana ndi usiku, ndipo amafika kumene galimoto imabwerera panjira. Ife a nyuzipepala ino tikuti nthawi yakwana yoti njinga zimenezi, zomwe tazolowera kuzitchula pa nkhani za ngozi zokhazokha, zipatsidwe ntchito ina yaulemu, yothamangitsa mankhwala, magazi ndi zoyeza za odwala pakati pa zipatala zazing'ono zakumidzi ndi zipatala zazikulu, makamaka pa nthawi imene ambulasi palibe.

Tiyambe takumbutsana mmene zinthu ziliri. Ambiri a ife okhala m'tauni timaiwala kuti Blantyre si Limbe, Ndirande ndi Chilomoni basi. Kuseri kwa phiri la Michiru ndi kumpoto kwa Lunzu, kwa mafumu aakulu Kuntaja, Kunthembwe, Lundu ndi Chigaru, nakonso ndi ku Blantyre. Kalembera wa 2018 anapeza kuti kumidzi kwa boma lino kumakhala anthu oposa 450,000, kuonjezera pa anthu oposa 800,000 a mu mzinda. Chodabwitsa n'chakuti boma la anthu ochuluka chonchi lilibe chipatala chakechake chachikulu monga ziliri ku Thyolo, ku Chiradzulu kapena ku Mwanza. Malo a pa Kameza akhala akutchulidwa zaka zambirimbiri kuti ndi pomwe chipatalacho chidzamangidwe, koma lonjezo siligoneka wodwala.

Choncho matenda akakula pa chipatala chaching'ono cha Chileka, Lirangwe, Mdeka, Dziwe kapena Chikowa, njira zodziwika ndi ziwiri: ku chipatala cha mishoni cha Mlambe pa Lunzu, kapena ku Gulupu, ku Queen Elizabeth, chipatala chomwe ntchito yake yeniyeni ndi kulandira matenda ovuta ochokera m'maboma ambiri a chigawo cha kummwera. Kuchokera pa Lirangwe kukafika ku Gulupu ndi makilomita oposa 30 pa msewu wa tala. Koma vuto silikhala pa talapo. Vuto ndi misewu ya fumbi yochokera m'midzi, yomwe ikagwa mvula ya Januwale imasanduka phala, ndi timilatho tomwe madzi amakokolola chaka ndi chaka. Ndege yonyamuka pa bwalo la Chileka imatera ku Johannesburg patangopita maola awiri ndi pang'ono. Mayi wodwala amene amaiona ndegeyo ikudutsa pamwamba pa denga lake angathe kutha maola oposa pamenepo asanaonane ndi dokotala. Zoona zimenezi, abale?

Azaumoyo amatiuza kuti mayi amene akutaya magazi ambiri atangobereka angathe kumwalira m'maola awiri okha ngati sathandizidwa. Mwana amene malungo amulowa mpaka kukomoka, kapena amene magazi amuthera m'thupi, nayenso sadikira kuti kuche. Dziko lathu layesetsa ndithu pa nkhani ya uchembere wabwino. Kafukufuku wa boma wa 2000 anaonetsa kuti pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, amayi 1,120 ankamwalira. Mu 2010 chiwerengerochi chinatsika kufika pa 675, ndipo mu 2015 ndi 2016 chinali pa 439. Boma litaletsa azamba a m'midzi kubereketsa mu 2007, mafumu anaika malamulo ndi zindapusa, amayi anamvera n'kuyamba kukachilira ku chipatala. Mbali yawo anachita. Koma mayi akafika pa chipatala chaching'ono n'kupezeka kuti vuto lake ndi lofunika opaleshoni kapena magazi, namwino amaimba foni kuitana ambulasi, ndiye kuyamba kudikira.

Nkhani ya ambulasi tonse tikuidziwa. M'maboma ambiri ambulasi imodzi imatumikira zipatala zingapo, ndipo ikaitanidwa imakhala ili kwina, kapena ili ku galaja, kapena ilibe mafuta. Amene anagona pa mizere ya mafuta mu 2022 ndi mu 2024 sakufunika kuwafotokozera. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa matayala ndi zipangizo za galimoto unakwera, pamene thumba la zipatala silinakule mofanana. Namondwe wa Freddy atasakaza mu Malichi 2023 n'kupha anthu oposa 1,000, misewu yambiri ya kummwera inaduka, ndipo malo ena kunkafika njinga ndi miyendo basi. Pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700, tinaona kuti munthu angathe kufa chifukwa chongosowa madilipu omwe ali mbwee mu sitolo ya mankhwala makilomita owerengeka kuchokera pomwe wagona.

Tsono ena afunsa kuti, kodi njinga yamoto ingachitenji pa zonsezi? Yankho lake lilipo kale, ndipo si la kumaloto ayi.

Ku Britain, dziko lolemera lomwe lili ndi maambulasi ndi ndege za odwala, kuli magulu a anthu okwera njinga zamoto amene amadzipereka usiku, Loweruka ndi Lamulungu ndi pa masiku a tchuthi kunyamula magazi, zoyeza, mankhwala ngakhalenso mkaka wa m'mawere wa ana obadwa masiku asanakwane, kuchoka pa chipatala china kupita pa china, popanda malipiro. Gulu loyamba linayamba mu 1962 m'dera la Surrey, ndipo mu 2008 magulu otere anapanga bungwe limodzi lotchedwa Nationwide Association of Blood Bikes. Anthuwa masana amagwira ntchito zawo, ena ndi opuma pa ntchito. Asanaloledwe kunyamula kanthu amayamba alemba mayeso a kayendetsedwe ka njinga oposa a laisensi wamba, ndipo ndalama za mafuta zimachokera kwa anthu akufuna kwabwino. Ngati dziko lokhuta likuona kuti njinga ndi yofunika, nanga ife?

Koma tisathamangire kutali. Kuno kwathu komwe, kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2008 anaunika maambulasi a njinga zamoto, aja okhala ndi kabedi pambali, omwe anaikidwa pa zipatala zitatu zakutali zakumidzi. Anapeza kuti nthawi yodikira kuti mayi atumizidwe ku chipatala chachikulu inachepa ndi maola 2 mpaka 4 ndi theka. Anapezanso kuti ndalama zogulira ambulasi imodzi ya galimoto zikanagula njinga zotere 19, ndipo kuiyendetsa pa chaka kunali kotchipa pafupifupi ka 24 poyerekeza ndi galimoto. Amalonda amene mukuwerenga, inu amene mumawerengetsa tambala iliyonse musanaode katundu, taonani masamu amenewo.

Palinso bungwe la Riders for Health, lomwe anayambitsa Barry ndi Andrea Coleman pamodzi ndi katswiri wa mipikisano ya njinga Randy Mamola, ataona njinga zothandizira odwala zitangoti mbwerekete pa zipatala za mu Africa chifukwa chosowa wozisamala. Kuno ku Malawi bungweli lakhala likunyamula magazi ndi makhololo okayeza HIV ndi chifuwa chachikulu kuchoka m'zipatala zazing'ono kupita ku malabotale, n'kubweretsa zotsatira. Anyamata ndi atsikana ake ndi olembedwa ntchito, amayenda pa masiku oikika, si oitanidwa pakati pa usiku. Komabe atiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, Mmalawi wophunzitsidwa bwino angathe kunyamula zoyeza pa njinga mwaukhondo ndi mosunga chinsinsi. Chachiwiri, njinga imene imaunikidwa m'mawa uliwonse, mabuleki, tcheni, oilo ndi matayala, siifa panjira.

Kwa anansi athu ku Zambia, m'boma la Serenje, mu 2017 ndi 2018 anthu a m'midzi ongodzipereka anaphunzitsidwa kupereka mankhwala oyambirira kwa ana odwala malungo aakulu, ndipo ena anaphunzitsidwa kuthamangitsa anawo ku chipatala pa maambulasi a njinga zakapalasa. Imfa za ana odwala malungo aakulu m'deralo zinatsika ndi 96 peresenti. Zakapalasa zimenezo, osati zamoto. Ife zamoto tili nazo kale, zili pa siteji iliyonse.

Ndipo tinene zoona, ntchitoyi akabaza akuigwira kale. Ndani sadziwa kuti matenda akagwa usiku kumudzi, foni yoyamba imapita kwa mnyamata wa njinga? Ndi iyeyo amene amanyamula wodwala pakati, womudikirira kumbuyo, ulendo wa ku chipatala. Ndi iyeyo amene amatumidwa kukagula mankhwala ku famase ya m'tauni. Kungoti amachita zimenezi popanda maphunziro, popanda bokosi loyenera, popanda womudziwa ku chipatala, ndipo mtengo amakambirana pakhomo pa wodwala, mumdima, pamene banja lilibe mphamvu zonenerera. Chomwe tikupempha si chinthu chachilendo. Tikupempha kuti chomwe chikuchitika mwachisawawa chikhale ndi dongosolo.

Tikudziwa kuti ena atiseka. Ati, eti nyuzipepala ikufuna kupereka moyo wa odwala m'manja mwa anthu omwe adzaza mawodi a mafupa ku Gulupu? Dandaulo limeneli ndi loona ndipo sitikulipeputsa. Akabaza ambiri alibe laisensi, njinga zambiri zilibe nambala ngakhale inshuwalansi, helemeti imakhala yokongoletsera chiwongolero, ena amanyamula anthu atatu ndi thumba la makala pamwamba, ena amayendetsa atalawa. Madokotala a mafupa akhala akudandaula poyera kuti ngozi za kabaza zikuwathera mabedi ndi zitsulo. Koma tsono titani? Njingazi sizichoka. Zikudyetsa mabanja ambirimbiri a achinyamata omwe anamaliza Fomu 4 n'kusowa kolowera. Apolisi akhala akuzilanda, mawa lake zabwerera pa msewu. Ife tikuona kuti njira imodzi yowongolera khalidwe la pa siteji ndi kuika ulemu pamenepo. Pakakhala anyamata khumi pa Lirangwe ovala jekete lodziwika, okhala ndi laisensi, odziwika kwa mfumu, kwa namwino ndi kwa apolisi, okwera adzayamba kusankha iwowo ngakhale pa maulendo wamba, ndipo anzawo adzasirira. Munthu amene anthu amamuitana kuti wopulumutsa sathamanga mwauchitsiru.

Dandaulo lachiwiri ndi lakuti magazi si tomato. Izinso n'zoona. Magazi amasungidwa pa kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 6, ndipo akatenthedwa panjira amasanduka poizoni. Sapatsidwa kwa munthu asanayezedwe ngati akugwirizana ndi ake, ndipo zipatala zazing'ono zambiri sizithira anthu magazi. Choncho palibe amene akunena kuti mnyamata wa njinga azitenga paketi ya magazi n'kukasiya pa khonde la chipatala cha kumudzi. Ntchito yake ingakhale kutenga bokosi lozizira, lomatidwa ndi kusainidwa, kuchokera ku Malawi Blood Transfusion Service mu mzinda kupita ku chipatala chomwe chili ndi labotale, kapena kutenga zoyeza zofulumira, mankhwala oletsa kutaya magazi, madilipu ndi katemera wa chiwewe kupita nazo komwe zatha. Iye salitsegula bokosilo, sadziwa dzina la wodwala. Ndipo mayi amene akutaya magazi sakwezedwa pa mpando wa kabaza wamba. Ameneyo amafunika ambulasi, kaya ya galimoto kaya ya njinga ya kabedi ija.

Dandaulo lachitatu ndi lomwe ife tikuliona kuti ndi lalikulu. Ku Britain wodzipereka amakhala atadya, ali ndi penshoni. Mnyamata wa pa Chileka njingayo mwina si yake, mwini wake amadikira ndalama madzulo alionse, ndipo petulo amagula wa m'mabotolo pa mtengo wokwera. Kumuuza kuti agwire ntchito yaulere ndi mafuta ake ndi kumudyera masuku pamutu. Taona kale m'dziko muno mmene mavolontiya amayambira ndi nyimbo ndi malaya atsopano, pulojekiti ikatha onse balala. Taonanso mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake mwadzidzidzi, mmene ntchito zambiri za umoyo zodalira ndalama zakunja zinagwedezekera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Choncho ife tikuti wodzipereka apereke nthawi yake ndi luso lake, koma mafuta, oilo ndi matayala zilipiridwe, ndipo zilipiridwe ndi ndalama zochokera konkuno.

Nazi zomwe tikupempha. Ofesi ya zaumoyo ya boma la Blantyre, pamodzi ndi khonsolo, isankhe zipatala ziwiri, Chileka ndi Lirangwe, zoyambira. Makomiti a zipatalazi, mafumu ndi atcheya a masiteji a kabaza asankhe anyamata ndi atsikana okhulupirika, osamwa pa ntchito, odziwika kwawo. Nthambi yoona za pamsewu iwaphunzitse ndi kuwapatsa malaisensi pa mtengo wotsika, popeza chomwe chimalepheretsa ambiri ndi ndalama. A Red Cross ndi a St John, omwe ntchito ya chithandizo choyamba amaidziwa bwino, awaphunzitse. Pakhale ndandanda wa usiku wopachikidwa pa khoma la chipatala, kuti namwino adziwe woimbira. Pakhale buku lolembamo ulendo uliwonse, nthawi yonyamuka ndi yofika, wotuma ndi wolandira. Ndalama ya mafuta itumizidwe pa Airtel Money kapena Mpamba ulendo ukangotha, osati kudikira mwezi. Apolisi a pa marodibuloko awadziwe anthuwa kuti asamawachedwetse. Dziko lino linatha kuyambitsa Chipatala Cha Pa Foni ku Balaka mu 2011, n'kuchikuza mpaka kufika m'maboma onse. Silingalephere kulumikiza namwino wa pa Lirangwe ndi njinga yomwe ili pa siteji mamita ochepa kuchokera pa geti lake.

Kwa inu amalonda a mu Limbe, a mu msika wa Blantyre, a pa Lunzu, nkhaniyi ndi yanu. Makala, tomato, nandolo ndi mbuzi zomwe mumagulitsa zimachokera kumidzi komweku. Ambiri a inu makolo anu ali konko, ndipo foni ya usiku ikalira ndinu amene mumatumiza ndalama ya thiransipoti, kenaka ya bokosi. Pa msika uliwonse pali thumba la maliro, ndipo palibe amene amakana kusonkha. Bwanji osakhala ndi thumba la mafuta opulumutsira munthu asanafe? Magulu a banki mkhonde, eni mafilingi siteshoni a m'mbali mwa M1, eni mashopu a zipangizo za njinga, mipingo ndi mizikiti, aliyense ataponya kangachepe mwezi ndi mwezi, ndalama zake n'kumalengezedwa poyera, njinga sizingaime. Mutu umodzi susenza denga. Koma tichenjezeretu: thumba lotere likangolowa ndale, likangovekedwa nsalu ya chipani, latha. Wodwala alibe chipani.

Kwa inu ophunzira, musaganize kuti mbali yanu ndi kuwerenga ndemangayi n'kupinda nyuzipepala. A ku Kamuzu University of Health Sciences ndi a ku Malawi College of Health Sciences mungathe kuphunzitsa akabaza kagwiridwe ka munthu wovulala pa Loweruka limodzi lokha. A ku MUBAS ndi a ku Soche Technical mungathe kujambula mapu a njira za mvula ndi za chilimwe, kukonza mabokosi okwanira pa njinga ndi kuphunzitsa kasamalidwe ka injini. Ndipo koposa zonse, njinga singanyamule magazi omwe kulibe. A Malawi Blood Transfusion Service amadalira kwambiri ana a sukulu za sekondale ndi makoleji, ndipo n'chifukwa chake sukulu zikatsekera magazi amasowa m'zipatala, makamaka nyengo ya mvula pamene malungo ali pachimake. Wophunzira amene amapereka magazi pa tchuthi, osadikira kuti galimoto ya magazi imupeze ku sukulu, wachita chinthu chachikulu. Akuluakulu a m'tauni nawonso achite manyazi kusiyira ana udindo umenewu.

Kwa boma, tikuti musatimve molakwa. Kudzipereka kwa anthu si chilolezo choti inu mugone. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, ndipo Malawi anali m'gulu la olonjezawo. Anthu a Blantyre akudikirabe chipatala chawo. Anthu a ku Lirangwe ndi Chingale anamva malonjezo a msewu wa tala kwa atsogoleri osiyanasiyana mpaka makutu anatopa. Ambulasi yokhala ndi mafuta, dalaivala ndi namwino ndi ufulu wa munthu wokhoma msonkho, si mphatso. Madera amenewa ali ndi thumba la chitukuko la CDF. Aphungu ndi makhansala atiuze poyera kuti ndi ndalama zingati za thumbali zomwe zapita pa kayendedwe ka odwala, ndipo ngati palibe, ayambe chaka chino ndi ambulasi ya njinga imodzi pa chipatala chilichonse.

Kwa inu akabaza, mpira uli kwa inu. Mwakhala mukudandaula kuti anthu amakuonani ngati mbava ndi zidakwa, kuti apolisi amakuvutitsani, kuti palibe amene amakumverani. Nawu mwayi woti muonetse mtundu wa Amalawi kuti ndinu anthu ofunika. Atcheya a masiteji a Chileka, Kameza, Lunzu ndi Lirangwe asadikire kuitanidwa ku semina ya ku hotela. Apite okha kwa mkulu wa chipatala ndi kwa mfumu, anene kuti ife tilipo, tiphunzitseni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: amene adzafune magazi mofulumira mawa angathe kukhala mkazi wanu, mwana wanu, kapena inu nomwe mutagwa nayo njingayo.

Mvula ikubwera chaka chilichonse, malungo ndi uchembere sizidikira bajeti. Njinga zilipo, anyamata alipo, mafoni alipo, ndipo umboni woti njira imeneyi imathandiza ulipo, wa kuno konkuno ndi wa kwa anansi. Chatsala ndi munthu woitanitsa msonkhano woyamba. Ife tikuti akuluakulu a zaumoyo a boma la Blantyre auitanitse mvula isanagwe, ndipo nyuzipepala ino idzakhalapo kudzalemba amene abwera ndi amene sanabwere.